Ofuna ntchito ku Marávia achenjere ndi mawu a Chingerezi ofanana ndi a Chipwitikizi

Chaka ndi chaka, mayeso a kalasi 12 akangotha, anyamata ndi atsikana ambiri a m'boma la Marávia amalongedza mapepala awo m'chikwama, n'kukwera galimoto pa Fingoè kudzera njira ya ku Bene, ulendo wa kumzinda wa Tete kapena ku Moatize kukasaka ntchito. Achinyamatawa pakamwa pawo pamakhala pali kale zilankhulo ziwiri kapena zitatu: Chichewa kapena Chinsenga cha kunyumba, Chipwitikizi cha kusukulu, ndiponso Chinyungwe chimene amatolera m'tauni. Koma akafika pa geti la kampani amakapeza kuti pakufunikanso Chingerezi.

Ambiri Chingerezicho amachimva ndithu, pakuti Zambia ali pakhomo pomwepa. Chimene chimawagwetsa ndi mawu owerengeka chabe amene amapezeka pa chidziwitso cha ntchito, m'kalata yofunsira ntchito, pa intavyu ndi pa kontirakiti. Ena mwa mawu amenewa ndi msampha woopsa kwa munthu amene anaphunzira sukulu m'Chipwitikizi, chifukwa amaoneka ngati odziwika kale pamene tanthauzo lake ndi lina.

Chingerezi chinabwera bwanji kuno?

Mayiko onse 6 amene anazungulira Mozambique amagwiritsa ntchito Chingerezi m'maofesi a boma, ndipo chigawo cha Tete chokha chinachita malire ndi atatu mwa iwo: Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Anthu a ku Marávia ndi a kum'mawa kwa Zambia ndi amodzi. Mwezi wa Ogasiti Achewa a kuno amawoloka malire kupita ku Mkaika m'boma la Katete ku mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi.

Pa nthawi ya nkhondo ya zaka 16 mabanja ambiri anathawira ku Zambia. Ena anasungidwa ndi achibale m'midzi ya m'malire, ena anakakhala ku msasa wa Ukwimi umene unatsegulidwa mu 1987 m'dera la Petauke. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera kwawo, ndipo ana ena anabwerako akulankhula Chingerezi kuposa Chipwitikizi. Mu Novembala 1995 dziko la Mozambique linalowa m'bungwe la Commonwealth ngakhale kuti silinalamulidwepo ndi Britain, ndipo silabasi ya mu 2004 inalowetsa phunziro la Chingerezi kuyambira kalasi 6.

Eni ntchito nawonso anasintha. Kampani ya Vale, imene inayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011, ndi ya ku Brazil komwe amalankhula Chipwitikizi, koma mu 2022 mgodiwo unagulidwa ndi Vulcan, imene eni ake ndi a ku India. Mgodi wa ku Benga unayamba ndi Riversdale ya ku Australia, unapita m'manja mwa Rio Tinto mu 2011, kenaka mu 2014 unatengedwa ndi ICVL ya ku India. Ku Chirodzi kuli Jindal, nayonso ya ku India. Mozambique Leaf Tobacco, imene imagula fodya kwa alimi a kumpoto kwa Tete, ndi nthambi ya kampani ya Universal ya ku America. Magetsi ambiri a ku Cahora Bassa amagulitsidwa ku Eskom ya ku South Africa. Mu Disembala 2023 boma linasainirana mgwirizano ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo wofuna kumanga damu la Mphanda Nkuwa la mamegawati 1,500 pa mtsinje wa Zambezi. Pamene anthu a mayiko osiyanasiyana chonchi akumana pantchito, chilankhulo chimene amamvana nacho ndi Chingerezi.

Lamulo la ntchito la mu 2023, Lei 13/2023, limaika malire pa chiwerengero cha alendo amene kampani ingalembe popanda chilolezo chapadera. Ku kampani yaikulu malirewo ndi anthu 5 pa 100 alionse. Kotero malo ambiri ndi a eni dziko, koma woyang'anira kapena injiniya amene akufunsa mafunso akhoza kukhala mlendo amene Chipwitikizi chake n'chopereŵera.

Kuwerenga chidziwitso cha ntchito

Chimene m'Chipwitikizi amati vaga, m'Chingerezi ndi "vacancy", kutanthauza malo a ntchito amene alibe munthu. Pansi pake pamabwera "requirements", zomwe ndi zinthu zimene wofunsira ayenera kukhala nazo. Zimenezi zimagawika pawiri: "qualifications" ndi maphunziro otsimikizika ndi satifiketi, pamene "experience" ndi zaka zimene munthu wagwirapo ntchito yoteroyo.

Mawu ena amene amabweza anthu pachabe ndi akuti "added advantage". Akalemba kuti kudziwa kompyuta kapena kukhala ndi laisensi ndi "added advantage", ndiye kuti amene ali nazo ali ndi mwayi woposa anzake, koma amene alibe sanaletsedwe kufunsira. Choletsa chenicheni chimalembedwa ndi mawu akuti "must" kapena "essential".

"Deadline" kapena "closing date" ndi tsiku lomaliza kulandira makalata. Kwa munthu wa ku Chiputo, ku Chipera kapena ku Malowera, komwe misewu imavuta nthawi ya dzinja, tsiku limeneli ndi loyamba kuliyang'ana. Kumapeto amakonda kulemba kuti "only shortlisted candidates will be contacted". Apa akunena kuti ayankha okhawo amene asankhidwa kuti akafike pa intavyu, ndipo kukhala chete kwa kampani ndi yankho kale. Palibe chifukwa chothera ndalama ya thiransipoti kukafunsa pa geti.

Akapempha "certified copies" akufuna makope a mapepala odindidwa ndi ofesi yovomerezeka, amene kuno amati fotocópias autenticadas. Satifiketi yeniyeni ndi BI sizisiyidwa ku kampani iliyonse. Mawu akuti "referees" pano sakunena woyimbira mpira. Ndi anthu awiri kapena atatu, monga mphunzitsi wamkulu kapena bwana wakale, amene angachitire umboni za khalidwe ndi luso la wofunsirayo. Ndi bwino kuwapempha kaye asanalembedwe maina awo.

Msampha wa mawu ofanana

Chingerezi chinabwereka mawu ambiri ku Chilatini ndi Chifalansa, n'chifukwa chake mawu ake ambiri amafanana ndi a Chipwitikizi. Izi zimathandiza, pakuti contrato ndi "contract" ndipo salário ndi "salary". Koma pali ena amene anafanana nkhope yokha.

Mwachitsanzo, mnyamata wofuna kunena kuti pretendo trabalhar, kutanthauza kuti akufuna kugwira ntchito, akhoza kulemba kuti "I pretend to work". Mzungu kapena Mmwenye wowerenga kalatayo amamva kuti mnyamatayo amangonamizira kugwira ntchito. Mawu oyenera ndi "I intend to work" kapena "I would like to work".

Cargo m'Chipwitikizi ndi udindo, koma "cargo" m'Chingerezi ndi katundu wonyamulidwa pa lole kapena pa sitima. Udindo ndi "position" kapena "post". Chefe ndi bwana, koma "chef" ndi wophika wa ku hotela. Bwana wa pantchito ndi "supervisor" kapena "manager".

Amene anakhala nawo pa maphunziro ena ake amati assisti, ndipo akalemba kuti "I assisted" amakhala akunena kuti anathandizira kuphunzitsa. Wophunzira amati "I attended". Formação ndi "training". Actualmente, kutanthauza pakali pano, ndi "currently", chifukwa "actually" amatanthauza kunena zoona. Licenciatura ndi "degree", pamene "licence" ndi chiphaso monga choyendetsera galimoto. Bambo amene ali reformado ndi "retired", wopuma pantchito. Kumunena kuti ndi "reformed" n'kumunyoza kuti kale anali wamakhalidwe oipa.

Pa fomu palinso malo ovuta. Apelido ndi "surname", dzina la banja. Parentes ndi achibale onse, koma "parents" ndi bambo ndi mayi okha. "Next of kin" ndi wachibale amene kampani ingamudziwitse pakagwa ngozi. "Date" ndi tsiku, pamene "data" m'Chingerezi ndi ziwerengero kapena uthenga wosonkhanitsidwa, monga wa m'kompyuta.

M'chipinda cha intavyu

Gulu la ofunsa mafunso limatchedwa "panel". Funso loyamba kawirikawiri limakhala lakuti "tell us about yourself". Kumudzi munthu akafunsidwa kuti ndi yani amayamba ndi mfunda wake, mudzi wake ndi makolo ake. Pa intavyu akufuna kumva dzina, maphunziro, ntchito imene wagwirapo ndi chifukwa chimene akufunira ntchitoyo, zonsezi m'mphindi imodzi kapena ziwiri.

"Strengths" si mphamvu za m'thupi. Ndi zinthu zimene munthu amachita bwino, ndipo n'kofunika kupereka chitsanzo. Amene anasungapo kaundula wa kalabu ya alimi a fodya, kapena anawerengerapo ndalama ku gulu la kutchalitchi, ali ndi chonena, pakuti imeneyonso ndi "experience". "Weaknesses" ndi mbali zimene munthu akupereŵera. Yankho labwino limatchula chimodzi choona ndi kufotokoza zimene akuchita kuti achikonze.

Palinso vuto lochokera m'Chichewa mwenimweni. Munthu akafunsidwa kuti, "Simunagwirepo ntchito kumgodi?" amayankha kuti "Inde", kuvomereza kuti sanagwirepo. M'Chingerezi yankho la "yes" pa funso lotere limamveka ngati anagwirapo, ndipo ofunsa akadzatulukira kuti sanagwirepo amayesa kuti ananama. Njira yabwino ndi kuyankha chiganizo chathunthu, monga "No, I have never worked in a mine".

Mwana woleredwa bwino kuno amazolika ndi kulankhula motsitsa mawu pamaso pa akulu. Ofunsa ena ochokera kunja amaona ngati ameneyo ndi wamantha kapena akubisa kanthu. Kuyang'ana amene akufunsa ndi kulankhula momveka si mwano m'chipinda chimenecho.

Akafunsa za "salary expectation" akufuna kudziwa malipiro amene wofunsirayo akuyembekezera, choncho ndi nzeru kufufuza kaye kwa amene akugwira kale ntchito yotero. "Availability" ndi tsiku limene angayambe ntchito, ndipo "notice period" ndi masiku amene ayenera kudziwitsiratu bwana wake wakale asanachoke.

Asanasaine kontirakiti

Madandaulo ambiri a kumapeto kwa mwezi woyamba amachokera pa mawu awiri. "Gross salary" ndi salário bruto, ndalama yonse isanadulidwe. "Net salary" ndi salário líquido, imene imafika m'thumba. Pakati pake pamachoka msonkho wa IRPS kwa amene malipiro awo afika poyenera kukhoma, ndiponso chopereka cha ku INSS, komwe wantchito amadulidwa 3 pa 100 ndipo bwana amawonjezera 4 pa 100.

"Probation" ndi período probatório, nthawi yoyesedwa, ndipo lamulo la ntchito linaika malire a kutalika kwake. "Fixed-term contract" ndi kontirakiti yokhala ndi tsiku lothera, pamene "permanent" ilibe tsiku lotero. "Allowance" ndi ndalama yapadera monga ya nyumba kapena chakudya, "overtime" ndi maola owonjezera, ndipo "leave" ndi tchuthi. Kumigodi watsopano amayamba ndi "induction", maphunziro a malamulo a chitetezo, ndipo amapatsidwa "PPE", zomwe ndi chipewa cholimba, nsapato, magalasi ndi zovala zodzitetezera. Munthu ali ndi ufulu wopempha kuti amufotokozere m'Chipwitikizi chilichonse chimene sakumva asanaike dzina lake papepala.

Akuba nawonso anaphunzira Chingerezi. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayenda zidziwitso zabodza zokhala ndi zizindikiro za makampani odziwika, zolonjeza ntchito kumigodi kapena ku Joni. Zimadziwika ndi mawu akuti "registration fee" kapena "processing fee", ndipo zimauza munthu kuti atumize ndalama pa foni kuti dzina lake lilowe m'kaundula. Kampani yoona siigulitsa ntchito. Banja limene lagulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga kuti mwana apeze malo otere limataya zonse ziwiri, ndalama ndi ntchito.

Pophunzirira palipo

Mawu onsewa angakwane m'kope limodzi la masamba ochepa. Wofuna ntchito akhoza kugawa tsamba patatu, Chingerezi, Chipwitikizi ndi Chichewa, n'kumalembamo mawu atsopano nthawi iliyonse akaona chidziwitso cha ntchito m'nyuzipepala ya Notícias kapena pa intaneti. Kumvera nkhani za Chingerezi pa mawailesi a ku Zambia ndi ku Malawi kumazoloweretsa khutu. Anzake awiri kapena atatu akhoza kukhala pansi pa mtengo ngati ofunsa mafunso, iye n'kumayankha mokweza, ndipo mphunzitsi wa Chingerezi wa kusekondale kapena mkulu amene anaphunzira ku Zambia nthawi ya nkhondo angawerenge kalatayo isanatumizidwe. Mumzinda wa Tete muli ofesi ya INEP imene imalemba maina a ofuna ntchito, ndi IFPELAC imene imaphunzitsa ntchito zamanja.

Ofunsa mafunso sayembekezera Chingerezi cha ku London kwa dalaivala, mlonda, kalaliki kapena mlangizi wa zaulimi. Amafuna munthu amene wamva funso ndi kuyankha zoona. Amene sanamve bwino angonena mwaulemu kuti "Could you please repeat the question?" ndipo palibe amene angamuchotsere malikisi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.