"Locked for editing": osathamangira kukalipira mnzanu pa ofesi

Mwezi ukutha, abwana afuna manambala a overtime 16:00 isanakwane. Imwe mwatsegula Excel ya mu shared folder, mwalemba kwa ola lathunthu, koma pofuna kuseva, yakana. Kaja kabokosi kamene munadina mothamanga poyamba kanali kukuuzani kuti faelo ili "locked for editing" ndi mnzanu wa ku accounts. Manje mwakwiya, mufuna kukamufunsa chifukwa chake akukhalira pa faelo monga ni mpando wa mu minibasi.

Yembekezani pang'ono. Mwina munthu uja sanabwere n'komwe ku nchito lero.

Munthu akatsegula faelo ya Excel pa network, pulogalamuyo imapanga kafaelo kena kobisika mu folda yomweyo, dzina lake loyamba ndi ~$. Mmenemo ndi mmene muli dzina la amene watsegula. Akatseka bwino, kamafufutika kokha. Koma malaiti akapita mwadzidzidzi, ndipo load shedding mwaidziwa kale, kompyuta imazima kafaelo kaja kakali pomwepo. M'mawa mwake Excel ikali kunena kuti muli munthu. Dzina lenilenilo nalonso limanama nthawi zina: limachokera pa dzina limene analemba mu Office, ndiye mutha kuona la munthu amene analeka nchito chaka chatha.

Chimene chimaononga zinthu maningi ni Save As. Uyu aseva "overtime final", uja "overtime final 2", wina "final final". Pa tsiku la malipiro palibe adziwa kuti yoona ni iti, ndipo maola a munthu wina asowa. Ndalama ya renti imeneyo, mwandi.

Chitani chonchi: funsani onse ngati alidi mu faelo, ngakhale pa gulu la WhatsApp. Ngati alimo, dinani Notify, Excel izakuuzani akatuluka. Tsekaninso Preview pane mu File Explorer, nayonso imagwira faelo. Ngati mulibe munthu, onetsani mafaelo obisika ndi kufufuta kaja ka ~$ chabe, osati faelo yeniyeni. Ikakanabe, itanani ba IT akaitseke pa server.

Ngati mumalemba anthu asanu tsiku lililonse mu faelo imodzi, uzani abwana aiike pa OneDrive kapena Google Sheets, kumene onse alemba nthawi imodzi. Koma kumeneko intaneti ikadula, muzafunika ma bundle.