Dominguez: wampira amene anapita ku Joni nabwerako

Pa makalasi athu a ku Tsangano ndi ku Macanga, amayi amabwera ndithu, koma anyamata ndi abambo amazemba. Ati kuwerenga nkwa ana. Koma wailesi ikayamba kuulutsa mpira, onse aja mumawapeza atauzungulira ngati moto wa m'Juni. Cifukwa cace takulemberani, inu otsogolera makalasi, mbiri ya wampira mmodzi wa dziko lathu, kuti mukayambire pamenepo pophunzitsa.

Dzina lace ndi Elias Gaspar Pelembe. Kuno kwathu timamdziwa ndi dzina loti Dominguez, pamene ku Joni ankangomuti Pelembe. Anabadwira ku Maputo pa 13 Novembala 1983, nthawi imene nkhondo inali kukula m'dziko muno. Malo ace m'bwalo anali pakati, kawirikawiri cakumbali, kukankhira kutsogolo.

Tiyambe tamvetsa nchito ya wosewera pakati. Timu ili ndi anthu 11. Mmodzi ali pagolo, ena amachinga kumbuyo, ena amadikira kutsogolo kuti amwetse zigoli. Otsalawo ndiwo apakati, ndipo nchito yao ikunga ya nkhoswe: kutenga mau kuno, kukatula uko, osapotoza. Mpira ukalandidwa kumbuyo, iwo amaulandira naufikitsa kutsogolo. Ukatayika, amabwerera msangamsanga kukathandiza ochinga. Pa mphindi 90 za masewero, wapakati wa timu yaikulu amathamanga makilomita 10 kapena kuposerapo. Amene wamwetsa cigoli ndiye amaimbidwa m'manja, koma odziwa mpira amafunsa kuti, "Nanga anampatsa mpirawo ndani?"

Dominguez anachukira ku timu ya Desportivo ya ku Maputo, imene inatenga cikho ca Moçambola mu 2006. Timu yomweyi ndiyo inalera Mário Coluna, wapakati wina wamkulu, amene anapita ku Benfica mu 1954. Koma onani kusiyana kwace. Coluna anasewera m'nthawi ya atsamunda, ndiye pa cikho ca dziko lonse ca 1966 anali kapitao wa timu ya Portugal, pakuti Moçambique inalibe mbendera yaceyace. Dominguez anabadwa ufulu wa 1975 utabwera kale, motero ngakhale ankagwira nchito kunja, ankabwera kudzavala malaya a Mambas, ndipo anawavala koposa ka 100.

Mu 2007 anapita ku SuperSport United ya ku Pretoria, kumene mphunzitsi anali Gavin Hunt. Timuyo inatenga ligi zaka ziwiri zotsatana iye alipo, mu 2008 ndi mu 2009. Kenaka anasamukira ku Mamelodi Sundowns, natenganso ligi mu 2014. Mu 2015 anapita ku Bidvest Wits ya ku Johannesburg, kumene anakumananso ndi Gavin Hunt uja, ndipo mu 2017 anatenga ligi kacinai. Zikho zinai, matimu atatu, m'dziko la eni.

Tsono apa mpamene pali phunziro lathu. Kusamuka konseku sikunacitike ndi mapazi okha ai. Kunacitika ndi mapepala. Wampira wolipidwa ndi wanchito ngati wina aliyense. Amasaina kalata ya pangano, imene ambiri timaicha kontratu, ndipo m'menemo mumalembedwa zaka zimene adzagwire, malipiro a pamwezi, ndi zimene zidzacitike akavulala kapena timu ikafuna kumcotsa. Malamulo a FIFA amati pangano lotere lisapitirire zaka 5. Amatinso wosewera wocoka dziko lina kupita lina akhale ndi kalata yomumasula yocokera ku bungwe la mpira la kumene akucokako, ndipo mwana wosafika zaka 18 saloledwa kugulitsidwa kunja, kupatula pa zifukwa zowerengeka. Munthu akadzafika pamudzi nkumati, "Ndipatseni ndalama, mwana wanuyu ndikamlowetsa timu ku Joni," makolo amfunse za mapepala amenewa. Paja safunsa anadya phula.

Kuti pepala ndi cinthu cacikulu zinaoneka mu 2020. Bidvest Wits, timu imene inayamba mu 1921, inagulitsa malo ace a mu ligi kwa eni ena. Timu ya zaka 99 inatha basi, zaka zitatu zokha citengere cikho, ndipo osewera anabalalika kukafuna nchito kwina. Tsiku lotero, kudziwa kupyoza adani ndi mpira sikuthandiza. Cimene cimamlankhulira munthu ndi zimene zinalembedwa, ndi zimene iye anamvetsa asanasaine.

Zimenezi si zacilendo kwa ife. Agogo athu ambiri anapita ku Salisbury, ku migodi ya malasha ya ku Wankie ndi ku Joni, nadinda cala pa mapepala amene sanathe kuwawerenga. Ena anabwerako ndi njinga ndi makina osokera, ena anasanduka machona. Lero lomwe timasaina mapepala: mlimi wa fodya wa ku Furancungo potenga feteleza pangongole, mlimi wa mbatata ndi tirigu wa ku Tsangano polowa m'bungwe la alimi, mnyamata podula pasipoti. Amene sawerenga amadalira pakamwa pa mwini pepala.

Mbali yotsiriza ya mbiriyi ikutikhudza ife a cigawo ca Tete. Atatha zaka zoposa 10 ku South Africa, Dominguez sanacone kumeneko. Anabwerera nalowa timu ya União Desportiva do Songo, pafupi ndi damu la Cahora Bassa, timu imene inatenga Moçambola mu 2017, 2018 ndi 2022. Ali wosewera wa ku Songo, anatsogolera Mambas ku cikho ca Africa ku Côte d'Ivoire mu Januwale 2024, ali ndi zaka 40. Iye anali atapitako kale ku cikho comweco ku Angola mu 2010. Mu Disembala 2025, ku Morocco, analinso m'gulu la mphunzitsi Chiquinho Conde pamene Mambas inagonjetsa Gabon 3 kwa 2. Kameneka kanali koyamba kuti dziko lathu lipambane masewero pa cikho cimeneci. Apo nkuti ali ndi zaka 42, msinkhu umene anzace ambiri anali atapacika kale nsapato.

Pokaphunzitsa, mungathe kucita motere. Werengani mbiriyi mokweza kawiri. Lembani pabolodi mau akuti mpira, timu, pangano, malipiro, ndipo ophunzira awadule m'maphatikizo: mpi-ra, pa-nga-no. Pa masamu, acotse 1983 pa 2025, ndi 1921 pa 2020. Kenaka afunseni kuti, "Kodi pepala lomaliza limene munasaina kapena kudinda cala linali la ciani? Anakuwerengerani ndani?" Musathamangire kuyankha inu, asiyeni akulu afotokoze okha. Pa tsiku lotsatira aliyense abwere ndi pepala limodzi la kunyumba, kaya la ngongole ya feteleza, kaya khadi la kusikelo, kaya kalata ya ubatizo, kuti mukaliwerengere pamodzi mzere ndi mzere.