Chidindo chikatuluka mu ofesi n'kuyamba kupanga makhadi

Kwathu kuno chidindo n'chinthu choopedwa. Chimakhala m'dilowa yokhoma, kiyi wake amayenda ndi munthu mmodzi, ndipo munthuyo akapita kumaliro ntchito yonse imaima. Kalata ya kwa amfumu, satifiketi ya kusukulu, fomu ya kubanki, zonsezi ndi mapepala wamba mpaka wina atapaka inki n'kumenya kuti di! Ndiye munthu akamva kuti ku America ndi ku Britain kuli anthu osungira zidindo zodzadza makabati m'nyumba zawo, amayamba waganiza kuti ndi akathyali opanga zikalata zachinyengo.

Si choncho. Zidindo zawozo sizivomereza kalikonse. N'za maluwa, mbalame, nyenyezi, timitengo ndi timawu tamafuno abwino, ndipo eni ake, amene ambiri ndi amayi, amadindira makhadi opanga pamanja: a tsiku lobadwa, a ukwati, a chipepeso, a Khirisimasi. Amakhala ndi magulu awo, masitolo awo, magazini awo ngakhalenso zionetsero zimene anthu amalipira kuti alowe. Ndi masewera a akuluakulu amene asanduka malonda a ndalama zankhaninkhani.

Choseketsa n'chakuti khadi la Khirisimasi logulitsidwa lidabadwa chifukwa cha munthu wofuna kuthawa ntchito ya manja. Mu 1840 dziko la Britain lidatsitsa mtengo wotumizira kalata kufika pa kobiri limodzi, ndipo makalata adasefukira. Mmodzi mwa amene adathandiza kukhazikitsa dongosololi, Henry Cole, adali munthu wotanganidwa komanso wa anzake ambiri, pamene mwambo wa nthawiyo sunkalola kusiya kalata osaiyankha. Mu 1843 adapempha katswiri wojambula, John Callcott Horsley, kuti amujambulire chithunzi chimodzi chokhala ndi mafuno a Khirisimasi ndi malo olembapo dzina. Adasindikiza makhadi 1,000 ku London, n'kuwapaka utoto pamanja, otsala n'kumagulitsa sheleni imodzi lililonse. Pachithunzipo padali banja likumwa vinyo, mwana wamng'ono akumwetsedwa nawo, zomwe zidakwiyitsa magulu odana ndi mowa. Koma njira idali itatseguka. Mu 1910 mnyamata wina, Joyce Hall, adafika mumzinda wa Kansas City ku America ndi mapositikhadi m'makatoni a nsapato, ndipo malonda akewo ndiwo adadzakhala kampani ya Hallmark. Makina adalanda ntchito yonse, mpaka mawu oti munthu auze mayi ake omubereka n'kumalembedwa ndi wantchito wa kufakitale.

Chidindo cha mphira chidabwera ndi njira yakeyake. Mphira wachilengedwe ndi utomoni wa mtengo, womwe uja amakama ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, kumene anyamata amagulitsa mipira yodumphadumpha m'mbali mwa msewu. Vuto lake kale lidali lakuti kukatentha unkanyata, kukazizira unkauma gwa n'kumasweka. Charles Goodyear ndiye adapeza kuti ukauphika pamodzi ndi sulufule umakhazikika, ndipo adalembetsa njirayi ku boma la America mu 1844. Mwiniwakeyo sadadyerere: adamwalira mu 1860 ali ndi ngongole zosaneneka, ndipo kampani ya matayala yodziwika ndi dzina lake idayambitsidwa ndi anthu ena mu 1898. M'zaka za m'ma 1860 zidindo za mphira zidayamba kupangidwa ku America komweko, n'kufalikira m'mabanki, m'mapositi ofesi ndi m'makampani a njanji. Kwa zaka pafupifupi zana chidali chida cha akalaliki.

Zinthu zidatembenuka m'zaka za m'ma 1970, pamene timakampani ting'onoting'ono tidayamba kupanga zidindo za zithunzi zokhazokha. Ina mwa makampaniwa, Hero Arts, idayamba ku California mu 1974. Mu 1988 amayi awiri apachibale, Shelli Gardner ndi LaVonne Crosby, adayambitsa Stampin' Up!, imene likulu lake lili ku Utah, ndipo njira yawo yogulitsira ndiyo idafalitsa lusoli kwambiri. Wogulitsa amaitana anzake kunyumba, aliyense amapanga khadi limodzi kapena awiri akumwa tiyi, kenaka buku la katundu limatuluka. Munthu amene wangoona duwa lokongola likutuluka m'manja mwake, pamene moyo wake wonse amadziwa kuti kujambula sakutha, savuta kumugulitsa kanthu.

Apa ndiye pagona mphamvu ya chidindo. Chimabwereka dzanja la katswiri kwa munthu wamba. Mizere adajambula kale wina. Iwe chako n'kusankha mtundu, malo ndi mphamvu yosindikizira. Komabe ngakhale chidindo n'chimodzi, sichidinda kawiri mofanana. Ukapanikiza kwambiri mizere imanenepa, ukachepetsa inki chithunzi chimatuluka chotuwa, dzanja likanjenjemera pang'ono pamabwera mthunzi. Timaphonyo timeneti ndi timene timauza wolandira kuti apa padadutsa munthu.

Ukakhala pafupi ndi wodziwa ntchitoyi umaona kuti ili ndi malamulo ake. Sayamba ndi chidindo, amayamba ndi pepala. Pepala la mu ofesi, lija la magalamu 80, ndi lopyapyala. Khadi limafuna la magalamu 200 mpaka 300 kuti liime lokha patebulo. Pepala limodzi la A4 ukalidula pakati limatulutsa makhadi awiri, lililonse likapindidwa limakhala la mamilimita 105 m'lifupi ndi 148 m'litali, lokwana bwino mu envulopu ya C6. Asanapinde amayamba walemba mzere ndi lula ndi bolopeni yotha inki, chifukwa pepala lochindikala ukalipinda mwankhanza limang'aluka pamsana. Podinda, sagwedeza chidindo uku ndi uku monga amachitira akalaliki. Amachitsitsa chilili, kupanikiza mofanana paliponse, kuwerenga kamphindi, n'kuchinyamula chilili. Ndipo chidindo chikakhala chachikulu amachigoneka chagada n'kumagunditsa kabokosi ka inki pamwamba pake, osati kuchimiza m'kabokosimo.

Inki nayo ili pawiri. Ina ndi yamadzimadzi, imalowa m'pepala n'kuuma msanga, koma imafwifwa ikakhalitsa padzuwa. Ina ndi yolemera, imakhala pamwamba pa pepala ndipo imachedwa kuuma. Kuchedwako ndiko amakufuna pa luso lina limene limadabwitsa aliyense woliona koyamba. Amadinda ndi inki yonyata, n'kuwaza ufa wapadera wa pulasitiki pamwamba, kugwedeza pepalalo kuti ufa wotsala ugwe, kenaka n'kuwomba ndi kachipangizo kotulutsa mpweya wamoto. M'masekondi owerengeka ufa wotuwa uja umasungunuka, mzere ndi mzere, n'kusanduka golide wonyezimira wotukuka, woti ukayendetsa chala umamumva. Makina oumitsira tsitsi sagwira ntchito imeneyi: mphepo yake ndi yambiri, kutentha kochepa, amangouluza ufawo.

Pali kachenjerero kenanso kosalira ndalama. Ukafuna kuti mbalame ioneke itatera kutsogolo kwa tsamba, umayamba wadinda mbalameyo pakhadi, n'kuidindanso pa kapepala kena, kuidula motsata m'mphepete, n'kuphimba nayo yoyamba ija. Ukadinda tsamba pamwamba n'kuchotsa chophimbacho, tsambalo limapezeka labisala kumbuyo kwa mbalame. Masiku ano zidindo zambiri n'zoonekera mkati, zomata pa kagalasi ka pulasitiki, kotero munthu amaona pamene akudinda; zakale zija za mphira wofiira pa kathabwa zinkafuna diso ndi mwayi.

Tsono pali chimene chimandivuta ndi malonda amenewa. Kampani ikagulitsa chidindo, inki yogwirizana nacho, pepala logwirizana ndi inkiyo, kansalu kogwirizana ndi pepalalo, pamwamba pake n'kupereka chithunzi cha mmene khadi lomalizidwa liyenera kuonekera, chatsala n'chiyani kwa mwini manja? Anthu zikwizikwi m'maiko osiyanasiyana amapanga khadi limodzi lomwelo sabata imodzi yomweyo, aliyense akunyadira kuti ndi la pamanja. Ndi la pamanja ndithu, koma mutu wake ndi wa ku Utah. Ndipo zipangizo sizitha kugula. Buku latsopano likatuluka, zakale zimaoneka ngati zachikale.

Amene amandigwira mtima ndi osema okha zidindo zawo, ndipo apa munthu wa ku Ndirande kapena ku Chipata sachepekedwa kanthu poyerekeza ndi wa ku London. Zida zake ndi labala wofufutira, pensulo yofewa ndi lezala kapena kampeni kakuthwa. Umajambula tsamba la chinangwa kapena chambo pa kapepala, kudetsa mizere bwinobwino, kukavundikira pa labala n'kukanda kumbuyo ndi chikhadabo. Chithunzi chimasamukira pa labalayo chitatembenuka kale, zomwe zimapulumutsa munthu ku msampha waukulu wa ntchitoyi: zilembo ziyenera kusemedwa chobwerera. A, M ndi O sizisamala, zimaoneka chimodzimodzi mbali zonse, koma N ndi S zimaulula wophunzira nthawi yomweyo. Posema, mpeni umapendekera kunja kwa mzere kuti mzerewo ukhale ndi tsinde lotambalala pansi. Ukaugoba chamkati umatsala lende ndipo umathothoka usanadinde makhadi angati. Amisiri osema zidindo za maofesi ndi mipingo m'makonde a m'tauni amadziwa zonsezi, kungoti palibe amene amawapempha duwa.

Kudinda zithunzi si chinthu chobwera ndi azungu mu Africa. Ku Ghana, m'mudzi wa Ntonso pafupi ndi Kumasi, amisiri amasema zizindikiro za adinkra pa zidutswa za chikho, n'kumadinda pansalu ndi utoto wakuda wophikidwa kuchokera ku makungwa a mtengo wa badie. Nsalu ina yotere, imene Thomas Bowdich adaitenga ku Kumasi mu 1817, ikusungidwa ku British Museum. Idadindidwa Goodyear asanayambe n'komwe kulimbana ndi mphira. Chizindikiro chilichonse chili ndi dzina ndi tanthauzo, kotero nsaluyo imawerengeka. Wopanga makhadi kuno ali ndi nkhokwe yakeyake yoti atapemo: mizere ya pa mphika, malukidwe a lichero, zithunzi zofiira ndi zoyera za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, zimene UNESCO idaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006.

Mbali imene Malawi adadziwika nayo kale ndi ya pepala lenilenilo. Bungwe la PAMET ku Blantyre lidatchuka ndi mapepala opangidwa pamanja kuchokera ku mapepala otayidwa, nthochi, makungwa a mlambe ndi ndowe za njovu, ndipo makhadi ake alendo akhala akunyamula kupita nawo kwawo. Za ndowezi anthu amaseka, koma nzeru yake ndi yomveka: mimba ya njovu sigaya bwino udzu ndi makungwa, choncho zotuluka zimakhala luzi lopunthidwa kale. Akazitsuka ndi kuziwiritsa fungo limatha. Njira yonse ndi yomwe ija idayambira ku China, kumene mbiri imatchula Cai Lun m'chaka cha 105: kunyika, kusinja mpaka zikhale phala, kusungunula m'madzi ambiri, kuvuula ndi sefa ya mafelemu, kufinya, kuyanika. Pakhomo, mtondo, bafa ndi kachidutswa ka neti zikwanira.

Koma pepala lotere lili ndi khalidwe lake likakumana ndi chidindo. Limamwa inki mwadyera, mizere n'kumwazika, pokhapokha ulipake kaye kaphala kopyapyala ka sitachi, ngakhale ka chinangwa, n'kuliumitsa. Nkhope yake ndi yokhakhala, choncho zidindo zogula za timizere tosalala zimatulukapo zodukaduka. Chimene chimakhala bwino ndi chidindo chonenepa, cha mizere yochepa, chomwe chija chosema pa labala. Amene safuna kulimbana nazo amadinda pa kapepala kosalala n'kukamata pakati, la nthochilo n'kukhala ngati felemu.

Msika ulipo, ngakhale si wa tsiku ndi tsiku. Pa 14 Febuluwale, tsiku la Valentine, pa 15 Okutobala pamene dziko limakumbukira anakubala, nyengo ya mayeso pamene ophunzira amatumizirana makhadi ofunirana mwayi, ndiponso zinkhoswe ndi maukwati. WhatsApp yadya gawo lalikulu. Kuitanira anthu pafoni n'kwaulere ndipo kumafika nthawi yomweyo. Komabe mabanja ambiri amakonzabe makhadi enieni owerengeka a ankhoswe, abusa ndi akuluakulu, chifukwa pali anthu ena amene suwaitana ndi uthenga wa pagulu. Pamenepa ndi pamene chidindo chimabweza ndalama yake. Kujambula makhadi 200 pamanja ndi ntchito ya mwezi. Kusema chidindo chimodzi cha banjalo ndi madzulo amodzi, ndipo kudinda kwake anthu atatu amaliza Loweruka limodzi.

Chovuta ndi mtengo. Wogula amayerekeza ndi khadi lonyezimira lochokera kunja limene makina adalavula zikwizikwi, pamene wopanga wathera ola lathunthu pa limodzi. Ambiri oyamba amawerengera pepala ndi guluu, nthawi yawo n'kuiiwala, ndiye amatopa miyezi isanathe. Odziwa amagwira ntchito m'magulumagulu: lero kudula onse, mawa kudinda onse, mkuja kumata, monga ankachitira Esther Howland ku Worcester m'chigawo cha Massachusetts cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1840, pamene adakhazika amayi patebulo lalitali, aliyense kumata kachidutswa kake pa makhadi a Valentine n'kupatsira mnzake.

Nyengo nayo imalamula. Khirisimasi kuno imagwa m'dzinja, pamene pepala limayamwa chinyezi n'kupindika, inki yolemera imakana kuuma, ndipo pepala lopanga wekha limatha kuchita nkhungu lisanachoke pachingwe. Wofuna kugulitsa mu Disembala ayenera kupanga mapepala ake ndi kudinda m'chilimwe, mu Seputembala ndi Okutobala, n'kusunga makhadiwo m'chitini chotseka bwino, kutali ndi chiswe.