ZA TIZIROMBO TOPATSANA NZERU YOKANA MANKHWALA

Mwana akadwala kwambiri kuno ku Nambuma, njira yake tiidziwa tonse. Timnyamula kunka naye ku chipatala chapafupi. Nthenda ikakula atitumiza ku Kabudula, ndipo ikakulirakulira galimoto atitengera ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe. Pa ulendo wonsewo mtima wa mayi ukhazikika pa chinthu chimodzi, ndicho chakuti mwana akangolandira jekeseni adzachira. Zaka zambiri chiyembekezo ichi sichinatinamize. Koma tsopano adotolo a m'dziko lathu aona chinthu choopsa: jekeseni imene inachiritsa dzana ilephera lero, chinkana nthenda ndi yomweyo. Nkhani iyi ndi yanu, pakuti mlandu wake uyambira m'midzi ndi m'nyumba zathu momwe.

Matenda ambiri, monga chibayo, kamwazi, taifodi ndi zilonda za mafinya, adza ndi tizirombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya. M'chaka cha 1928 Alexander Fleming, ku London, anaona kuti nkhungu ina ipha tizirombo totere, ndipo m'nkhungumo munachokera penisilini. Pambuyo pake anapeza mankhwala ena ambiri a mtundu womwewo, amene tiwatcha maantibayotiki: amokisilini, bakitilimu, ndi ceftriaxone, jekeseni imene odwala ambiri ogonekedwa alandira. Koma Fleming yemweyo, polandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1945, anachenjeza kuti munthu womwa mankhwala operewera saononga tizirombo tonse, koma atizoloweretsa mankhwalawo.

Kale akatswiri ankayesa kuti kachirombo kokana mankhwala kasiyira nzeru yakeyo ana ake okha, monga cholowa. Koma adotolo a ku Japan anadabwa kuona tizirombo ta kamwazi tokana mankhwala anayi nthawi imodzi. Atafufuza, m'chaka cha 1959 anapeza kuti tinatenga nzeruyo kwa tizirombo ta mtundu wina, totchedwa E. coli, tokhala m'matumbo a munthu aliyense. Chochitika ndi ichi. M'kati mwa kachirombo muli timphete tating'onoting'ono, dzina lake plasimidi, ndipo pa timphetepo palembedwa malangizo, monga a kapangidwe ka chinthu chodula mankhwala asanagwire ntchito. Kachirombo kokhala ndi kamphete katambasula kaulusi, kagwira kanzake, ndi kukapatsa kamphete kena kofanana, koma kake kosataya.

Inu amayi muchidziwa ichi. Moto ukazima m'nyumba mwanu, mutuma mwana kukapala kwa anansi. Anansiwo moto wawo sutha, ndipo madzulo mudzi wonse ufuka utsi wochokera ku chikuni chimodzi. Tizirombo tipalana moto chotero, ngakhale ta mitundu yosiyana. Choipa koposa nchakuti kamphete kamodzi kakhoza kunyamula malangizo okanira mankhwala ambiri pamodzi, ndipo kachirombo kakapeza malo abwino kagawika pawiri theka la ola lisanathe.

Nanga bwanji zichuluka m'chipatala? Taganizani za munda. Mukapalira udzu wonse ndi kusiya kaufiti, kaufitiyo atenga munda wonse. M'chipatala odwala ambiri alandira maantibayotiki tsiku ndi tsiku. Tizirombo tofooka tifa, ndipo tokhala ndi kamphete titsala tokha ndi kuswana popanda wotsutsa. Kuchokera kwa wodwala mmodzi tiyenda pa manja, pa nsalu, pa makapu, m'zimbudzi ndi m'masinki, kufikira wogona pa kama woyandikana naye.

Izi si za maiko akutali ayi. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, akatswiri a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome anayeza magazi a odwala kuyambira 1998 kufikira 2016. M'chaka cha 2003, pa tizirombo 100 ta E. coli topezeka m'magazi, tokana mankhwala a mtundu wa ceftriaxone sitinakwane ndi kamodzi komwe. Pofika 2016 tinali 30. Ta mtundu wina, Klebsiella, tinakwera kuchokera pa 12 kufika pa 90. Malangizo amene anapezeka kawirikawiri m'tizirombo timeneti atchedwa CTX-M-15, ndipo ayenda pa timphete tija. M'chaka cha 2014 Klebsiella wa mbumba imodzi, wokana mankhwala ambiri, anafala pakati pa makanda ogonekedwa m'chipinda cha Chatinkha m'chipatala chomwecho, ndipo makanda ena anamwalira. Khanda lobadwa masiku osakwana liribe mphamvu yodziteteza. Mankhwala akalephera palibe china chotsala.

Akatswiri omwewo anayezanso chimbudzi cha anthu, pakuti munthu akhoza kusunga tizirombo timeneti m'matumbo osadwala konse. Pa anthu 100 a m'midzi ndi m'makomo, 28 anali nato. Pa odwala kwambiri ofika m'chipatala, pafupifupi theka anabwera nato kale, ndipo patapita masiku 7 akulandira mankhwala anali 78 pa 100. Taonani tsono: tizirombo tilowa m'chipatala kuchokera kumudzi, tichuluka m'menemo, ndi kubwereranso kumudzi pamodzi ndi wochira.

Kwathu kuno ku Lilongwe nkhani ndi yomweyo. M'chaka cha 2019 kunalembedwa za tizirombo topezeka mwa odwala a ku chipatala cha Kamuzu, tokana ngakhale mankhwala otsiriza, otchedwa carbapenem, amene adotolo asungira odwala olephereka, ndipo ali a mtengo wapatali ndi osowa. Pa dziko lonse lapansi akatswiri anawerenga kuti m'chaka cha 2019 anthu oposa 1,200,000 anafa chifukwa tizirombo tinakana mankhwala, ndipo maiko a Afrika a kumwera kwa Sahara ndiwo anasenza katundu wolemera koposa. Boma lathu linakonza dongosolo lolimbana ndi vutoli la zaka za 2017 mpaka 2022, ndipo m'chaka cha 2023 linayamba kupatsa ana katemera wa taifodi. Koma mutu umodzi susenza denga. Adotolo ndi anamwino ali owerengeka, odwala ndi ochuluka. Gawo lina la ntchito ndi lathu.

Choyamba, musagule makapisozi pamsika kapena m'kagolosale, awiri lero, atatu mawa. Chimfine sichimva antibayotiki, malungo ali ndi mankhwala akeake, ndipo kutsegula m'mimba kwa mwana kawirikawiri kufuna thanzi ORS ndi zinki. Kapisozi aliyense womwedwa pachabe apalira munda wa kaufiti m'matumbo mwanu. Thupi likatentha, pitani mukayezetse.

Chachiwiri, mankhwala amene mwalandira ku chipatala imwani monga anakuuzani, pa nthawi yake ndi masiku ake. Musagawire mnansi, musasunge otsala m'thumba kuti adzathandize tsiku lina. Ndipo inu amene adotolo anakulamulani kumwa bakitilimu masiku onse, musaleke chifukwa cha nkhani iyi. Kwa inu ndi chitetezo cha moyo.

Chachitatu, inu odwazika matenda m'chipatala, ndinu amene mudyetsa, musambitsa ndi kutaya zonyansa za wodwala. Manja anu akhoza kukhala njira ya tizirombo, akhozanso kukhala mpanda. Sambani ndi sopo musanakhudze wodwala, mutamkhudza, pochokera ku chimbudzi ndi musanagwire chakudya. Musabwerekane makapu, mbale kapena zitenje ndi a pa kama wina, chinkana ulemu ukukakamizani. Khanda lodwala lisayende m'manja mwa alendo onse odzazonda; chikondi chionetsedwe ndi maso ndi mawu. Pa mchombo wa khanda musapake kanthu kena koma kamene anamwino akupatsani.

Chachinayi, nkhuku, nkhumba ndi mbuzi musazipatse mankhwala a anthu, ndipo a ziweto muwapereke monga alangizi anena. Pakuti tizirombo ta m'khola tipatsana timphete ndi ta anthu. Banja liri lonse likhale ndi chimbudzi, madzi akumwa akhale otetezedwa, ana alandire katemera yense. Nthenda imene sinabwere sifuna mankhwala.

Potsiriza, musaope chipatala chifukwa cha zimene mwawerengazi. Mwana wotentha thupi, wopuma mofulumira, kapena khanda lokana kuyamwa, muthamange naye tsiku lomwelo. Kuchedwa kupha ambiri. Ndipo adotolo akanena kuti nthenda iyi sifuna jekeseni, musawakwiyire kapena kukafuna kwina. Funsani chifukwa chake, pakuti safunsa anadya phula.

Maantibayotiki ali ngati chitsime cha mudzi: sachiyesa chake munthu mmodzi, ndipo wochidetsa adetsera onse. Agogo athu anaona ana akufa ndi chibayo popanda chowathandiza. Werengerani nkhani iyi amene sadziwa kuwerenga, mukambirane madzulo pabwalo, kuti tsiku limene mdzukulu wanu adzafika ku chipatala ali lefu, jekeseni idzakhale ikali ndi mphamvu yake.