Mafuta ndi Phula Zopesera Tsitsi Mwachikale

M'nyumba zambiri, m'tauni ndi kumudzi komwe, mumapezeka chithunzi chakale chopachikidwa pakhoma: bambo atavala jekete ndi tayi, tsitsi lili phuliphuli, seda itang'ambidwa moongoka ngati yolemba ndi rula. Anyamata ena ayambanso kusirira kapesedwe kotere, makamaka pa tsiku la chinkhoswe kapena la ukwati. Koma akaloŵa m'sitolo amapeza zitini zamitundumitundu, zina zolembedwa pomade, zina wax, zina cream, ndipo amangotola chimene chawanunkhirira bwino. Pakutha pa mwezi, wina tsitsi lakana kugona, wina pilo wada bii, winanso chipumi chadzaza ziphuphu. Nkhani ya lero ikufotokoza kumene mafuta ameneŵa adachokera, m'mene amagwirira ntchito, ndi m'mene munthu angasankhire oyenera mutu wake.

Dzina lakuti pomade lidachokera ku chilankhulo cha Chifalansa, ndipo gwero lake ndi liwu lotanthauza chipatso cha apozi. Kale ku Ulaya ankasinja zipatsozi ndi kuzisakaniza ndi mafuta a nyama kuti fungo la mafutawo lisamveke. Ku Mangalande adafika podzola mafuta a chilombo chotchedwa bear. M'zaka za m'ma 1800 kudatchuka mafuta amadzimadzi otchedwa Macassar, amene ankagulitsa Alexander Rowland wa ku London. Mafutaŵa ankadetsa mipando kwambiri, kotero kuti amayi adayamba kuyala tinsalu toluka pamene pamatsamira mutu. Tinsalu timene timakongoletsa mipando ya pabalaza m'nyumba zambiri tidayamba motero: ntchito yake yoyamba inali kuteteza mpando ku mitu ya abambo.

Zinthu zidasintha mu 1872, pamene Robert Chesebrough wa ku America adalembetsa kuboma njira yoyeretsera phala lochokera ku mafuta apansi panthaka, limene adalitcha Vaseline. Mafuta a nyama amavunda akakhalitsa, koma aŵa savunda ndipo sauma. Pa maziko ameneŵa ndi pamene padamangidwa mafuta otchuka a zaka zotsatira. M'zaka za m'ma 1920, C. D. Murray, munthu wakuda wa mumzinda wa Chicago, adayamba kugulitsa mafuta olimba a m'kachitini kamtundu wa lalanje, amene amadziŵika ndi dzina lakuti Murray's. Mu 1928 kampani ya County Chemicals ya ku Birmingham idatulutsa Brylcreem, amene ndi madzi ndi mafuta zogwirizanitsidwa ndi phula la njuchi. Pa Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse, asilikali oyendetsa ndege a ku Britain ankamudzola kwambiri mpaka anthu adawapatsa dzina la mafuta omwewo.

Kapesedwe kalikonse ka masiku amenewo kanali ndi zofuna zake. M'zaka za m'ma 1920, katswiri wa kanema Rudolph Valentino ankagoneka tsitsi lonse chakumbuyo, losalala ndi lonyezimira ngati nsapato yopolisha. M'zaka za m'ma 1950, woimba Elvis Presley adatchukitsa kapesedwe kotchedwa pompadour, kamene tsitsi lakutsogolo limatukulidwa m'mwamba ndi kupindidwira kumbuyo ngati funde la panyanja. Dzinali lidachokera kwa Madame de Pompadour, mayi wa kunyumba yachifumu ya Louis XV wa ku France, amene adamwalira mu 1764. Padalinso kapesedwe kamene tsitsi la mbali zonse ziŵiri limakakumana kunkhongo ngati mchira wa bakha, ndipo ku Johannesburg magulu a anyamata achizungu opesa motere ankatchedwa ducktails. Kuno ku Africa chimene chidafala ndi seda, monga ikuonekera pa zithunzi za Patrice Lumumba ndi za Nelson Mandela ali loya wachinyamata.

Pano pali mfundo imene omvera ayenera kuigwiritsa. Mapesedwe ambiri a m'kanema adapangidwira tsitsi loongoka. Oimba akuda monga Nat King Cole, Little Richard ndi James Brown ankayamba aongola tsitsi ndi mankhwala, ndipo mafuta ankabwera pambuyo. M'makwalala a ku America mankhwalawo ankapangidwa ndi soda woopsa uja wopangira sopo, mazira ndi mbatata ya kachewere. Malcolm X, m'buku la mbiri ya moyo wake limene lidatuluka mu 1965, adasimba za ululu umene adaumva pamene mankhwalaŵa ankamuotcha pamutu. Tsono palibe chitini cha mafuta chimene chingasandutse tsitsi lopotana kukhala loongoka. Mnyamata amene akupaka mafuta ochuluka kuti afanane ndi Elvis Presley akungotaya ndalama zake. Tsitsi lopotana lili ndi mapesedwe akeake achikale amene mafuta amathandiza: seda, ndi timafunde tija timaoneka pa tsitsi lalifupi lopesedwa ndi burashi.

Posankha, munthu adzifunse mafunso atatu. Kodi mafutaŵa amagwira tsitsi molimba bwanji? Kodi amaŵala bwanji? Nanga amachoka bwanji posamba? Funso lachitatuli ndi limene ambiri amaliiŵala, chonsecho ndilo lofunika koposa.

Mtundu woyamba ndi wa mafuta enieni, ndipo umadziŵika poŵerenga pachitini: mawu oyamba pa mndandanda wa zopangira amakhala petrolatum kapena mineral oil. Popeza sauma, tsitsi limatheka kupesedwanso tsiku lonse, ngakhale munthu atavula chipewa. Kuŵala kwa pa zithunzi zakale kumachokera ku mtundu umenewu, ndipo ndi umene umagoneka bwino tsitsi lopotana. Vuto lake ndi lakuti madzi okha sauchotsa.

Mtundu wachiŵiri ndi wosungunuka m'madzi, umene udafala kwambiri chaka cha 2000 chitadutsa. Pa mndandanda wake liwu loyamba limakhala water kapena aqua. Ukapakidwa, madzi ake amauma ndipo tsitsi limatsala lolimba gwa. Umachoka mosavuta posamba, koma thukuta ndi mvula zimausungunulanso. Pa tsitsi lopotana kwambiri, madzi a m'mafutaŵa amatha kulibweza kuti lifupike, mmalo moligoneka.

Mtundu wachitatu ndi phula. Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, pamene thupi la munthu limafunda madigiri 37 okha. Phula la carnauba, lochokera ku masamba a mtengo wa mtundu wa kanjedza wa ku Brazil, limafuna madigiri oposa 80. N'chifukwa chake chitini chokhala ndi phula lambiri chimagwira tsitsi zolimba, chimaŵala pang'ono, ndipo sichiyenderera padzuŵa. Munthu wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kumene mwezi wa Okutobala umatentha koopsa, angachite bwino kusankha chaphula, chifukwa mafuta ofeŵa amatsikira pachipumi ndi pakolala. Wa ku Dedza m'mwezi wa Juni adzapeza phula lomwelo litauma ngati kandulo, ndipo adzafunika kulifunditsa kwanthaŵi m'manja.

Mtundu wachinayi ndi wa kirimu, wonga Brylcreem. Umafeŵetsa tsitsi ndi kuliŵalitsa, koma mphamvu yake yogwira ndi yochepa. Ndi wokwanira kwa bambo amene akungofuna seda yaudongo popita kuntchito kapena kutchalitchi. Palinso zitini zina zokhala ndi dothi la bentonite kapena kaolin. Izi zimagwira tsitsi popanda kuŵala, motero sizipereka maonekedwe a makedzana.

Kapakidwe kabwino kamayamba ndi mutu woyera. Tsitsi likhale losambitsidwa, lopukutidwa ndi thaulo, lachinyezi pang'ono. Munthu atape mafuta ochepa ngati njere imodzi ya mtedza, awatikite m'zikhatho mpaka asungunuke osatsala chibuma, ndipo ayambe kupaka kunkhongo kubwera kutsogolo, kuti ochuluka asathere pachipumi. Ngati sadakwane aonjezere pang'ono, pakuti kuonjezera n'kosavuta koma kuchotsa ndi ntchito. Wa tsitsi loongoka ayambe ndi chipeso cha mano otalikirana, ang'ambe seda, kenaka amalize ndi cha mano othinana. Wa tsitsi lalifupi lopotana agwiritse ntchito burashi, kuyambira paliwombo kutsata kumene tsitsi limagonera, ndipo usiku amange kansalu kosalala kumutu. Timafunde sititulukira tsiku limodzi. Pamafunika milungu ingapo ya kupesa m'maŵa ndi madzulo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono za khungu. Mu 1970 madokotala atatu, Plewig, Fulton ndi Kligman, adafotokoza za ziphuphu zimene zinkatuluka pachipumi ndi m'mbali mwa nkhope za amuna akuda odzola mafuta a tsitsi tsiku ndi tsiku, ndipo adazitcha ziphuphu za pomade. Mafuta akafika pakhungu la nkhope ndi kukhalitsa, timaboŵo ta khungu timatsekeka, ndipo pamatuluka tiziphuphu ting'onoting'ono tambiri totsata m'malire a tsitsi. Pa khungu lakuda, ziphuphu zikapola zimasiya madontho akuda amene amatenga miyezi kuti afafanizike. Njira yopeŵera ndi yapafupi: kusiya mpata wa chala chimodzi pakati pa mafuta ndi chipumi, kusamba m'manja ndi kumaso ndi sopo munthu akamaliza kupesa, ndi kuchapa nsalu ya pilo kaŵirikaŵiri. Ziphuphu zikayamba, munthu aleke mafutawo kwa milungu ingapo; zikapitirira, apite kuchipatala.

Ena akaona mfundu amaganiza kuti m'mutu mwauma, ndipo amaonjezera mafuta. Nthaŵi zambiri mfundu imakula chifukwa cha kayisiti kamene kamakhala pakhungu ndipo kamadya mafuta a m'mutu. Kupaka mafuta pamwamba pake kumangoibisa, osaichiritsa. Mafuta opesera ndi a tsitsi, si a khungu la pamutu. M'nyengo ya fumbi vutoli limakula, chifukwa fumbi limamatirira pa mafuta, ndipo mutu umene ukunyezimira kunja umasunga litsiro pansi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Kachotsedwe kali ndi nzeru yake. Mafuta ndi madzi sizisakanikirana, koma mafuta amasungunula mafuta anzake. Munthu apake timafuta tophikira pang'ono pa tsitsi louma, atikite, adikire mphindi zingapo, kenaka asambe kaŵiri ndi sopo kapena shampu ndi madzi ofunda. Parafini ndi sopo waufa wochapira zovala n'zosayenera kumutu: zimaotcha khungu, ndipo parafini amayaka moto. Amene amadzola mafuta enieni sayenera kutapa atsopano m'maŵa uliwonse, chifukwa adzulo amakhala akadali m'tsitsi, ndipo madzi pang'ono ndi chipeso zimakwanira. Koma mlungu usathe asanasambitse mutu mpaka kuyereratu. Chipeso ndi burashi nazonso zitsukidwe, ndipo kubwerekana n'kosayenera chifukwa kumafalitsa zipere.

Kapesedwe kachikale kamayambira kwa wometa. Mafuta amangosunga chimene lumo ndi sizasi zakonza, choncho mnyamata wofuna kufanana ndi agogo ake atenge chithunzi chija apite nacho kwa wometa, amve ngati tsitsi lake lingalole. Akatero agule kachitini kakang'ono, aŵerenge zopangira zake, ayese kwa milungu iŵiri, ndipo aziyang'ana chipumi pagalasi monga momwe amayang'anira seda. Mkwati amene ukwati wake uli pafupi ayambe kuyesa mwezi wathunthu tsikulo lisanafike, osati m'maŵa wa tsiku lomwelo.