Reel yodula monga lendi: kodi carp imafunsa mtengo?

Kale kuwedza kunali kwa ba mudala na tuana twa sukulu tonyamula kandodo ka nsungwi, twaini na kachitini ka nyongolotsi. Manje tsegulani Facebook pa Sondo m'madzulo muone. Anyamata a ku Chilenje, Kabwata na Matero ali m'mbali mwa damu, cooler box pambali, speaker ili kulira, ndodo zitatu zaloza kumadzi. Kuwedza kwasanduka outing. Ndipo nsomba yamene aliyense afuna kujambulitsa nayo ni carp, chinsomba cha mamba akuluakulu na tundevu pakamwa, chamene ukachigwira umachita kuchikumbatira monga mwana.

Pamene pali outing, pamabweranso mpikisano wa zida. Mwezi watha mnzanga wina, wamene agulitsa mafoni mu town, ananiuza kuti afuna kutenga kaloba. Ninaganiza kuti mwina pali maliro olo ba landlord amuvuta. Iyai. Afuna kugula reel. Anaona azungu a ku England pa YouTube ali na mareel akuda bii a Shimano na Daiwa, ndipo mtima unamuuza kuti carp zimamuthawa chifukwa reel yake ni yochipa. Yamene anasankha mtengo wake upitirira lendi ya miyezi ingapo ya nyumba ya zipinda ziwiri ku Chawama.

Sininamuseke, kaili na ine reel yochipa inanichititsapo manyazi.

Yanga yoyamba ninagula mu kashopu kena ku Kamwala. Inali yagolide, yowala monga mphete ya ukwati, ndipo pa bokosi analemba kuti ili na ma bearing 12+1. Ninayenda nayo ku damu ya pa famu ina kumbali ya Chongwe. Cha m'ma 16 hours ndodo inapindika, chingwe chinayamba kuthamanga. Reel m'malo momasula chingwe bwinobwino inagwira nganganga, kenako inamasula zonse kamodzi, kenako inagwiranso. Kachitatu ninangomva kuti thapu, chingwe chalendewera. Nsomba sininaione olo mchira. Chamene ninabwera nacho ku nyumba ni handle yogwedera na nkhani yakuti inali yaikulu, yamene palibe anaikhulupirira.

Ndiye tisanamizane: reel yochipitsitsa ija ya mu kantemba ni kutaya ndalama. Funso ni lakuti, ukachoka pamenepo, ufunika kukwera mpaka pati?

Chamene chinanigwetsa tsiku lija ni drag. Drag ni mabuleki a reel. Mkati mwa spool, pamene pamakulungika chingwe, muli tumawasha tosanjikizana, twina twa chitsulo, twina twa felt olo carbon. Ukamanga kanobu, tumawasha utu tumapanikizana, ndipo nsomba ikakoka mwamphamvu chingwe chimatuluka pang'onopang'ono m'malo moduka. Carp siimalumpha maningi monga tiger fish ya ku Kariba. Iyo imangoweramitsa mutu na kukoka monga ng'ombe ya pa ngolo, kulunjika ku bango olo ku mtengo wogwera m'madzi. Milomo yake ni yofewa. Drag ikamachita gwiregwire, pali ziwiri: chingwe chiduka, olo mbedza ing'amba mlomo n'kutuluka. Apa ndiye pamene ndalama imagwira nchito zoona. Drag yosalala ni yofunika kuilipirira.

Chachiwiri ni magiya. Mu reel yochipa magiya amakhala a chitsulo chofewa, thupi lake pulasitiki yopindika. Ukalimbana na nsomba yolemera, thupi limapotoka pang'ono, mano a magiya salumana bwino, ndipo pakapita miyezi ingapo umamva monga uli kupera mchenga. Reel yabwinoko ili na magiya olimba na thupi losapotoka. Koma za ma bearing 12+1 zija musazitengere kumtima. Ma bearing anai olo asanu abwino apambana khumi na atatu a dzimbiri. Nambala ija ni yokopera maso chabe.

Chachitatu ni kachitsulo kamene kamakhala kumbuyo kwa reel, kamene ambiri amangoti baitrunner. Dzinali ni la Shimano, yamene inatulutsa reel ya mtundu uwu mu 1987, koma manje makampani ambiri ali na zawo. Nchito yake ni iyi: ukaponya nyambo na kuika ndodo pa stand, umakweza kachitsulo aka, ndipo carp ikatenga nyambo chingwe chimatuluka momasuka. Ukangozunguza handle, drag yeniyeni imalowa. Popanda ichi, munthu wamene ali kutembenuza nyama pa braai akhoza kuona ndodo yake ikulowa m'madzi yokha monga yaitanidwa. Kwa ife amene timawedza uku tikucheza, ichi n'chothandiza maningi. Ndipo simufunika reel yapamwamba kuti mukhale nacho. Shimano, Daiwa na Okuma onse ali na mareel a mtengo wapakati amene ali na drag yabwino, magiya olimba na kachitsulo aka.

Manje nanga ndalama zina zonse zija, za reel ya mtengo wa lendi, zimagula chiyani?

Kwambiri zimagula mtunda. Mareel akuluakulu amene amawatcha big pit ali na spool yaitali komanso yotakata, yonyamula chingwe mamita mahandiredi angapo, ndipo amakulunga chingwe mosanjika bwino kuti poponya chizituluka popanda kukodwa. Munthu wodziwa kuponya amafika mamita 100 na kupitirira. Zimagulanso kupepuka, chifukwa thupi limakhala la magnesium olo carbon, komanso kutsekeka bwino kuti madzi na fumbi zisalowe. Zonse izi ni zoona, si bodza la otsatsa malonda. Koma zinapangidwira madzi ena.

Funsani abale athu amene agwira nchito ku South Africa. Kumeneko carp ni nkhani yaikulu pa Vaal Dam, Bloemhof Dam na Hartbeespoort Dam, madamu amene ukaimirira mbali ino, mbali inayo uiona monga mzere chabe. Nsomba nthawi zambiri zimadyera kutali, ndiye woponya patali ndiye amadya. Kawedzedwe kawo amakatcha papgooi, kutanthauza kuponya nsima. Zoona, nsima. Amaumba chibulunga cha chimanga chogaya pamwamba pa mbedza n'kuchiponya kutali, carp zibwere kudzadya. Chibulunga cholemera chotere, kuchiponya na kuchikoka tsiku lonse, chimafuna reel yaikulu ya magiya olimba. Ku Ulaya nakonso kuli nyanja za carp zonenepa modabwitsa. Mu 2018, pa Euro Aqua ku Hungary, Michel Schoenmakers wa ku Netherlands anagwira carp ya makilo 51.2. Thumba la unga la 25 kg kawiri, na kakilo kapamwamba. Munthu wosaka chilombo chotere akagula reel yodula, palibe angamufunse.

Ife kuno carp si nsomba ya makolo athu. Inabwera kuchokera kunja kuti iziwetedwa, ndipo kwambiri timaipeza m'madamu a pa mafamu na m'malo olipira pa geti. Madamu ambiri otere, ukaponya mamita 100 nyambo yako igwera pa udzu wa tsidya lina, mwina pa mbuzi ya mwini famu. Komanso carp imakonda kudyera m'mbali, pafupi na bango, m'mawamawa na dzuwa likamalowa, makamaka ngati pali bata. Kangapo naona munthu aponya kutali na mphamvu zake zonse, pamene thovu la carp yofukula matope lili kutuluka mamita asanu kuchokera pa mapazi ake. Speaker ija nayo siithandiza, koma iyo ni nkhani ya tsiku lina.

Azungu amene mnzanga amaonera pa YouTube, akulu awo anagwira nsomba za mbiri na zida zamene lero tingaziseke. Mu September 1952, Richard Walker anagwira carp ya mapaundi 44, pafupifupi makilo 20, pa kadamu kotchedwa Redmire Pool ku England. Ndodo inali ya nsungwi, yopanga yekha. Nyambo inali buledi. Nsombayo anaipereka yamoyo ku London Zoo, kumene anthu anali kupita kukaiona zaka zambiri. Mu 1980, pa damu yomweyo, Chris Yates anagwira ya mapaundi 51 na theka, makilo opitirira 23, na ndodo yakale ya nsungwi yamene inapangidwa na Walker yemweyo. Nyambo yake? Chimanga cha m'chitini. Panthawiyo baitrunner inali isanabadwe, big pit kunalibe. Anthu awa chamene anali nacho ni kudekha na kudziwa pamene nsomba ili.

Ndipo chinthu chamene chinasintha kawedzedwe ka carp kopambana reel iliyonse ni kachingwe ka mtengo wa zero. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Lenny Middleton na Kevin Maddocks anaona kuti carp imayamwa nyambo n'kuilavula ikamva chitsulo. Ndiye anayamba kumangirira nyambo pa kachingwe kakang'ono kolendewera kumunsi kwa mbedza, mbedzayo n'kukhala pambalambanda. Carp ikayamwa chimanga, mbedza imatsatira, ndipo poti ilavule, mbedza imakola mlomo wapansi. Amaitcha hair rig. Kuphunzira kumanga kumatenga madzulo amodzi chabe.

Nichifukwa chake ninamuuza mnzanga kuti ayambe wayangana zinthu zina. Chingwe chake chinali cha zaka ziwiri, chakhala pa dzuwa, chopotana monga waya wa foni yakale. Chingwe cha nayiloni chimafooka na dzuwa, ndipo reel ya mtengo uliwonse siingachipulumutse. Cha 0.30 olo 0.35 mm chatsopano, chodzaza spool mpaka pafupi na m'mphepete, chimawonjezera na mtunda woponya womwe. Mbedza zake zinali zobuntha. Yesani pa chikhadabo: yakuthwa imakola, yobuntha imatsetsereka. Ukonde wotulutsira nsomba analibe, pamene carp zambiri zimapulumuka pa mita yothera, munthu ali kulimbana kuti aikweze na chingwe. Zonse izi pamodzi, kuphatikiza chidebe cha chimanga chophika chothira pamalo amodzi kuti nsomba zizolowere, na transport ya maulendo angapo, sizifika olo theka la reel ija.

Werengani na masiku amene reel izagwira nchito. Kuyambira 1 December mpaka kumapeto kwa February kuli fish ban pa mitsinje monga Kafue. June na July madzi amazizira, carp imadya mwaulesi. Munthu wa nchito ya Mande mpaka Chiwelu akawedza kawiri pa mwezi ndiye kuti walimbikira. Kaloba yena alibe fish ban. Chiwongoladzanja chimayenda olo reel ili pansi pa bedi.

Sinikuti reel yapamwamba ilibe mwini. Ngati muli ku Siavonga weekend iliyonse, mumachita mipikisano, olo mumapita ku Vaal kangapo pa chaka, ndipo ndalama ni yanu osati yobwereka, gulani. Izakhala zaka zambiri, ndipo kuizunguza kumakoma, zimenezo sinikana. Koma kwa ambiri a ife, reel ya size 5000 olo 6000 ya kampani yodziwika, ya mtengo wapakati, imatulutsa carp iliyonse yamene ili mu damu ya pa famu.

Pogula musachite manyazi kuivuta mu shopu. Gwedezani handle, isachite khwekhwe. Zunguzani pang'onopang'ono pafupi na khutu, musamve mchenga. Tsegulani bail na kuitseka kangapo, ndipo kagudumu kamene chingwe chimadutsapo kazizungulira mukakakhudza na chala. Mangani drag pang'ono n'kuzunguza spool na dzanja, iziyenda mofanana popanda kudumpha. Funsaninso ngati spare spool na ma spare ena amapezeka, chifukwa kasipuling'i kamodzi kakathyoka, reel yopanda ma spare yatha. Mukafika ku nyumba, drag muike pafupifupi pa gawo limodzi mwa atatu a mphamvu ya chingwe. Ngati chingwe ni cha makilo 6, mangirirani botolo la madzi la malita 2 molunjika kuchokera ku reel, n'kumasula kanobu mpaka botolo liyambe kutsika pang'onopang'ono.

Za salaula nazonso zilipo. Reel yabwino yogwirako nchito imapambana yatsopano yopanda dzina, ndipo ena amatuma abale ku Johannesburg kuti awaikire pa basi, n'kukatenga pa Intercity. Koma chenjerani na zamene zalembedwa dzina lalikulu pamene mtengo ni wa chakudya cha masana. Zabodza zilipo zambiri, ndipo pa chithunzi zonse zimawala chimodzimodzi. Musatumize ndalama pa foni musanaigwire m'manja.

Yamene muli nayo isamaleni. Osaigoneka pa mchenga. Mukabwerako ipukuteni na kansalu konyowa, dontho la oilo pa kagudumu na pa handle, ndipo masulani drag musanaisunge kuti tumawasha tusaphwatalale. Ba mudala ena amene nimakumana nawo ku damu ali na reel yamene penti inatha kalekale, dzina silioneka, koma ikamatulutsa chingwe imalira mosalala monga mashini yosokera. Amaitsegula kamodzi pa chaka na kuipaka girisi.

Mnzanga uja kaloba sanatenge, ngakhale kuti chithunzi cha reel ija chikali pa wallpaper ya foni yake. Anagula yapakati ya size 6000, chingwe chatsopano na paketi ya mbedza. Ukonde akuti azabwereka wanga. Pa Chiwelu tizanyamuka 04:30, chimanga chili kale m'madzi chikufufuma, ndipo tapangana kuti speaker itsala ku nyumba.