Nyama ya ng'ombe mu Mzuzu: imachokera kuti, nanga vuto lili pati?

Pa kalembera wa 2018, mzinda wa Mzuzu unali ndi anthu oposa 220,000, ndipo chiwerengerochi chikukwerabe. Anthuwa amagula nyama ya ng'ombe m'mabutchala a mumsika waukulu, ku Chibavi, ku Luwinga ndi m'masitolo akuluakulu, koma mumzindamu mulibe msipu woti n'kudyetsa ng'ombe zonse zimene amadya. Nyama yambiri imachokera m'midzi ya m'maboma a Mzimba, Rumphi, Karonga ndi Chitipa. Wogula amadandaula kuti nyama yakwera mtengo, mlimi naye amadandaula kuti sapindula. Kuti timvetse madandaulo awiriwa, tiyeni tiitsatire ng'ombe kuyambira kukhola.

Khola ndi banki ya banja

M'Malawi muno muli ng'ombe zoposa 1.5 miliyoni, ndipo zambiri zili m'manja mwa alimi ang'onoang'ono. Mafamu akuluakulu a ng'ombe, monga wa Dzalanyama ku Lilongwe, ndi owerengeka. Mtundu umene uli ponseponse ndi ng'ombe zachikuda, zija za linunda pamsana, zimene akatswiri amazitcha Malawi Zebu. Ng'ombezi zimapirira dzuwa, njala ndi matenda, koma ndi zazing'ono thupi ndipo zimakula pang'onopang'ono.

Chofunika kuchidziwa n'chakuti mlimi wa ku Euthini kapena ku Kaporo saweta ng'ombe kuti azigulitsa nyama. Ng'ombe zimalima m'munda, zimakoka ngolo, zimapereka mkaka ndi manyowa. Pakati pa Angoni, Atumbuka ndi Ankhonde, ng'ombe ndizo malowolo, ndiponso ndi ulemu wa banja. Khola ndi banki. Mlimi amatulutsa ng'ombe pakagwa maliro, pakafunika feteleza, kapena fizi ya mwana ikavuta. Ophunzira ambiri amene akuwerenga nkhani ino afika ku koleji chifukwa ng'ombe ina idatuluka m'khola.

Zotsatira zake ndi ziwiri. Choyamba, ng'ombe imene imagulitsidwa nthawi zambiri imakhala yokalamba kapena yotopa ndi goli, choncho nyama yake ndi yochepa komanso yolimba. Chachiwiri, mlimi amagulitsa ali pamavuto, ndiye sakhala ndi mphamvu yokana mtengo wotsika.

Kuchoka kumudzi kufika m'butchala

Pakati pa mlimi ndi wogula nyama pali anthu angapo. Oyamba ndi mavenda amene amayenda m'midzi ndi m'misika ya ziweto. Malonda ambiri amachitika popanda sikelo. Venda amangoizungulira ng'ombe, n'kuigwira m'nthiti, n'kutchula mtengo. Iye amagula ng'ombe sabata ndi sabata, pamene mlimi amagulitsa mwina kamodzi pa zaka ziwiri. N'zodziwikiratu amene amadziwa bwino kulemera kwa ng'ombeyo.

Ng'ombe isanachoke m'dera lake, pamafunika chiphaso chochokera kwa alangizi a zaumoyo wa ziweto. Chiphasocho chimathandiza kuti matenda asafalikire komanso kuti ng'ombe zakuba zisadutse. Kenako ng'ombe zimayenda pansi kapena kukwezedwa pa lole, ndipo ulendo ukatalika zimafika zitatsika thupi.

Kumalo ophera nyama, woyeza nyama amayang'ana ng'ombe isanaphedwe, ndipo ikaphedwa amayeza mapapo, chiwindi, mtima ndi minofu. Akakhutira amadinda chidindo. Ng'ombe ikasendedwa n'kuchotsedwa mutu, zam'kati ndi mang'ina, chotsala chimakhala pafupifupi theka la kulemera kwake ili yamoyo. Mwini butchala amawonjezerapo ndalama ya mayendedwe, msonkho wa khonsolo, lendi ndi magetsi a furiji. Ichi n'chifukwa chake mtengo wa kilogalamu m'tauni umasiyana kwambiri ndi zimene mlimi adalandira.

Palinso makampani amene amagula ng'ombe, n'kuzinenepetsa m'makola asanaziphe. Mu Mzuzu muli Nyama World, ku Lilongwe kuli Kapani, ndipo ku Chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, kuli makola akuluakulu onenepetsera ng'ombe amene amadyetsa mzinda wa Blantyre.

Kale zinali bwanji?

Kale boma ndilo linkagwira mbali yaikulu ya ntchitoyi. Kampani ya boma ya Cold Storage inkagula ng'ombe pa sikelo, pa mtengo wodziwika malinga ndi giredi. Kuyambira mu 1957 padali ndondomeko yoti mlimi atsekere ng'ombe zofula ziwiri kapena zingapo m'khola, n'kumazidyetsa mapesi, masangwi a mtedza ndi madeya kwa miyezi ingapo, kenako n'kuzigulitsa zitanenepa. Madibi ankayendetsedwa ndi boma, ndipo kusambitsa ng'ombe m'dibi lidali lamulo.

M'zaka za m'ma 1990 boma lidayamba kuchoka m'malonda ambiri. Ntchito ya Cold Storage idapita m'manja mwa anthu wamba, ndipo madibi adasiyidwa kwa alimi eni ake. Madibi ambiri adafa chifukwa mankhwala ndi odula ndipo alimi sadagwirizane za kasonkhedwe ka ndalama. Mpata umene boma lidasiya ndi umene mavenda adalowamo.

Mavuto aakulu

Vuto loyamba ndi matenda. Nkhupakupa zimafalitsa chigodola, chimene chimapha kwambiri ana a ng'ombe ndi ng'ombe za mitundu yakunja. M'madera oyandikana ndi nkhalango ya Vwaza ku Rumphi, ntchentche za kashembe zimapatsira ng'ombe matenda owondetsa. Palinso matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene abuka kangapo ku Chigwa cha Shire, kumene njati za ku Lengwe zimasunga kachilombo kake, komanso m'maboma a kumalire. Matendawa akabuka, boma limatseka misika ndi kuletsa ng'ombe kuyenda. Mlimi amalephera kugulitsa, ndipo m'tauni nyama imakwera.

Vuto lachiwiri ndi msipu. Madambo amene kale ankadyetsako ng'ombe asanduka madimba ndi minda. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, udzu umauma ndipo moto wolusa umamaliza wotsalawo. Ng'ombe imanenepa m'dzinja n'kuwonda m'chilimwe, chaka ndi chaka. Ng'ombe yaikazi imatenga bere miyezi 9, ndipo yodya bwino ikhoza kubereka chaka chilichonse, koma yanjala imadumpha chaka.

Vuto lachitatu ndi mbewu ya ng'ombe. Venda amafuna nkhunzi yaikulu, ndiye yabwino ndiyo imapita kokaphedwa, yofooka n'kutsala m'khola kumakwera abale ake. M'kupita kwa zaka ng'ombe zimanka zichepa thupi.

Pamwamba pa izi pali umbava wa ng'ombe, umene wagwetsa mphwayi alimi ambiri, komanso kuchepa kwa alangizi. Mlangizi mmodzi amayang'anira dera lalikulu, nthawi zina alibe ndi njinga yamoto yomwe. Magetsi akazima, nyama imawonongeka m'mafuriji.

Dziko la Botswana limatiwonetsa zimene dongosolo limachita. Bungwe la Botswana Meat Commission, limene lidakhazikitsidwa mu 1965, lakhala likugulitsa nyama ku Ulaya kwa zaka zambiri. Izi zidatheka chifukwa dzikolo lidagawa madera ndi mipanda yotchinga matenda, ndipo ng'ombe imakhala ndi chizindikiro chosonyeza kumene yachokera.

Tingachitepo chiyani?

Mavuto ena akufunika boma, koma ambiri angayambire pakhola. Alimi akapanga gulu akhoza kudzutsa dibi, kugula mankhwala pamodzi ndi kugulitsa ng'ombe zawo tsiku limodzi pa sikelo. Kusunga mapesi ndi masangwi mmalo mowatentha kumapulumutsa ng'ombe mu Okutobala. Kusinthana nkhunzi ndi mudzi wina sikufuna ndalama. Kugulitsa ng'ombe yofula ikadali yanthete, itanenepa, kumabweretsa zambiri kusiyana n'kudikira kuti ikalambe. Wophunzira amene akudziwa kulemba mabuku a ndalama kapena za ulimi akhoza kuwathandiza makolo kuwerengera zimenezi pa holide.

Wogula nayenso ali ndi mbali yake. Ambiri mumpingo mwathu sadya nyama, ndipo ena amadya ya ng'ombe poti ili m'gulu la nyama zoyera pa Levitiko 11. Koma ng'ombe yodwala imapatsira anthu chifuwa chachikulu ndi njoka za m'mimba. Musanagule, funsani chidindo cha woyeza nyama. Nyama yotsika mtengo modabwitsa, yogulitsidwa madzulo m'makwalala, kawirikawiri imakhala ya ng'ombe yofa yokha kapena yobedwa m'khola la munthu wina. Tikaikana nyama yotereyi, timateteza mabanja athu, komanso timateteza mlimi amene ng'ombe zake zikuphunzitsa ana.